Mmene Chidiso Chinaphunzirira Ufumu

Dziko la Ombammanja musavutike kulifuna pa mapu, simulipeza. Ojambula mapu atafika pamalire anamva phokoso la m'manja, nkuganiza kuti kukugwa matalala, basi anabwerera. Koma dzikolo lilipo, ndipo anthu ake ndi aulemu kotero kuti ukawaponda phazi amakuthokoza chifukwa chowakumbukira. Likulu lake ndi mzinda wa Tavomera. Pa nthawi ya nkhani yathuyi kumeneko kunkalamulira Mfumu Sindilakwa Wachitatu, mdzukulu wa Sindilakwa Woyamba, amene nayenso sanalakwepo.

Chaka china kunabwera amalonda a kutsidya kwa nyanja atanyamula makina ophunzira. Chinali chinthu chonga wailesi yaikulu, cha diso limodzi lagalasi ndi pakamwa pa timabowo ngati sefa. Mfumu itamva kuti mafumu anzake ali nazo kale zoterezi, inagula osafunsa ntchito yake. Boma linachipatsa dzina loti Mdziwazonse wa Ufumu Wosatha, koma anthu wamba atangochiona anachitcha Chidiso, ndipo dzina la anthu wamba ndi limene linakhala.

Mkulu wa amalondawo asanakwere ulendo wobwerera anafotokozera nduna mmene chinthucho chimagwirira ntchito.

"Zinthu zogwirika chikuzidziwa kale," anatero. "Khasu, mbuzi, tomato, zonsezi sichivutika nazo. Koma zosagwirika, monga chilungamo, ulemu kapena ufumu, muchiphunzitse nokha. Simuchiuza tanthauzo, ayi. Mumachionetsa zitsanzo. Taonani mwana: palibe amene amamufotokozera mbuzi. Amaona yakuda, yoyera, yamawanga, yothyoka nyanga, kenaka yekha amataya mtundu ndi nyanga nkusunga chimene chikupezeka pa zonsezo. Chotsalacho ndiye umbuzi. Makinawa amachitanso chimodzimodzi. Chimene mudzachionetse ndi chimene chidzadziwe."

Nduna zinagwedeza mitu. Za umbuzi zinkadziwa ndithu.

Kenaka zinakhala pa upo kukambirana choyamba kuchiphunzitsa. Nduna ya Zamilandu inati chiyambe ndi chilungamo, koma itafunsidwa kumene zitsanzo zikapezeke inagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi. Nduna ya Zomangamanga inati chitukuko, kenaka inakumbukira kuti zitsanzo zake zinali zikadali miyala ya maziko yomera udzu. Apo mneneri wa mfumu, a Sikwese, anaweramitsa khutu kumpando wachifumu. Ku Ombammanja mfumu silankhula ndi munthu. Mawu ake amatuluka m'kamwa mwa mneneri, ndipo a Sikwese anali atazolowera ntchito yawo kotero kuti ankamva zonse mfumu isanagwedeze nkomwe mlomo.

"Mwini dziko akuti makinawa aphunzire ufumu," analengeza a Sikwese. "Pa Tsiku la Chithokozo, pamaso pa alendo a m'mayiko ena, tidzawafunsa kuti wakhala pampandoyu ndani, ndipo adzayankha okha. Dziko lonse lapansi lidziwe kuti kwathu kuno ngakhale chitsulo chimazindikira mwini wake."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhato kufiira.

Ntchito yophunzitsa inagwera a Tobiyasi Kamtedza, Nduna ya Zotamanda, bambo wonenepa bwino, wa khungu losalala, amene chiyambire ntchito anali asanatchulepo mawu oti "koma". A Sikwese anawonjezera mwachikondi kuti Chidiso chikadzaphonya, a Kamtedza adzakwezedwa udindo nkukhala kazembe ku Sabwerako. Sabwerako ndi dambo la kumalire kumene udzudzu umaluma ndi pa jekete pomwe, ndipo nduna zonse zimene zinakwezedwera kumeneko palibe inaonekanso. A Kamtedza anathokoza chifukwa cha ulemuwo, koma chakudya cha masana sanachikhudze.

Poyamba anachikweza m'galimoto mwawo, koma magalasi a galimoto za nduna ndi akuda, Chidiso sichinkaona kanthu. Choncho anachiika pa wilibala yoyalidwa nsalu yofewa. Popeza lamulo linkati chuma cha mfumu asachikhudze munthu wamba, anali a Kamtedza eni ake okankha wilibalayo, tayi ili pakhosi, thukuta lili kamukamu. Anthu a mu Tavomera anakondwa kuona nduna ikugwira ntchito, ena mpaka anaitana ana awo kuti adzaone zimene mwina sadzaonanso.

Kulikonse kumene mfumu inkapita, wilibala inali pompo. Chidiso chinaona msewu ukutsekedwa, apanjinga akutsika panjinga zawo, abambo akuvula zipewa, amayi akuimba. Chinaona mfumu ikunyamulidwa pampando kuchokera pagalimoto kukafika pansanja, chifukwa phazi lake siliponda dothi. Chinaona nkhata za maluwa zikuunjikidwa patsogolo pake, munthu wina akuwerenga mbiri yake yopanda ndi kabanga komwe, winanso akulankhula m'malo mwake. Chinaona anthu akulira nkumatchula mavuto awo, mfumu ili duu m'magalasi akuda a m'maso, osagwedezeka. Nthawi zonse a Kamtedza ankaweramira ku Chidiso nkunong'oneza kuti, "Umenewu ndiye ufumu."

Chinali chophunzira chakhama, tisachinamizire. Lero mfumu ivale mkanjo, mawa suti, mkuja zausilikali, Chidiso chinazindikira kuti zovala si ufumu, chinazitaya. Mfumu ipite kumpoto kapena kummwera, chinazindikira kuti malo si ufumu, chinawataya. A Kamtedza anachiyesa pochilozera wamalonda wolemera kwambiri mumzindamo, chinati si mfumu. Anachilozera mkulu wa apolisi, mimba ndi nyota zake zonse, chinati si mfumu. A Kamtedza anayambanso kudya bwino.

Ndiye tsiku lina masana akubwerera kunyumba yachifumu anadzera njira yachidule ya ku msika wa Pirirani. Pamsewu panali patayalidwa masamba, chizindikiro choti pali zovuta. Anali maliro a mkulu wina wokhoma ndowa, a Jekapu, amene moyo wawo wonse sanakwerepo ngakhale ngolo yaganyu. Apanjinga anali atatsika. Abambo zipewa zili m'manja. Amayi ankaimba nyimbo yachisoni, ndipo adzukulu anali kubwera pang'onopang'ono atanyamula malemu pamapewa, nkhata za maluwa zikutsatira pambuyo. A Kamtedza anali ataimika kale wilibala pambali nkuvula chipewa monga mwa mwambo, kuyambira pamene mbiri ya malemu inkawerengedwa ndiponso woimira banja ankalankhula.

Diso lagalasi linazungulira uku ndi uku. Kenaka Chidiso chinakweza mawu mpaka mapeto.

"Mfumu! Mfumu ikudutsa! Ikhale ndi moyo wautali!"

Nyimbo inaduka pakati. Anamfedwa anangoti kukamwa yasa. Kenaka mmodzi mwa adzukulu, bokosi lili paphewa, anatembenuka nkuyang'ana a Kamtedza.

"Zikomo, bwana nduna," anatero, "koma moyo wautaliwo mwabwera nawo mochedwa."

Palibe anaseka, pamaliro saseka. Koma mapewa a anthu ambiri ankagwedezeka m'njira imene sinali ya kulira. A Kamtedza anathamangitsa wilibala mpaka kuseri kwa mashedi a makala.

"Iwe chitsulo iwe, wapenga? Ameneyu ndi munthu wakufa!"

"Ndangotsata zimene munandiphunzitsa, bwana," chinayankha Chidiso modekha. "Msewu watsekedwa chifukwa cha iye. Sakuyenda yekha, anyamulidwa. Pali maluwa, pali nyimbo. Ndamva wina akuwerenga mbiri yake, ndipo sanalakwepo chibadwire. Wina walankhula m'malo mwake. Mayi wina wamulirira nkumamufunsa kuti ana awasiyira yani, iye osayankha. Ndataya zovala, ndataya malo, ndataya galimoto. Chatsala ndi chimenechi."

"Koma mfumu ili moyo!"

"Mwina. Pa zitsanzo zonse zimene munandionetsa sindinaione ikuchita chimene a Jekapu sangachite."

"Imapuma! Imadya!"

"Sindinaone, bwana. Ndangomva kwa inu."

A Kamtedza anakhala pansi pa thumba la makala, atavala buluku loyera. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti kalumoko kamayambira kumeta womulandira. M'makutu mwawo munayamba kale kulira udzudzu wa ku Sabwerako.

Munthu wozolowera boma akapanikizika amathamangira lamulo. M'mawa mwake a Kamtedza anaima pa upo. Za Chidiso sanatchule, anangodandaula kuti maliro ayamba kuba ulemu wa mfumu. Anthu akufa, anatero, anthu oti sanasankhidwe ndi aliyense, akutsekerwa misewu, akuimbiridwa, akupatsidwa maluwa ngati eni dziko. Nduna zinakwiya kwambiri. Nduna ya Zaumoyo inati kwa nthawi yaitali yakhala ikukayikira kuti anthu ena amafa dala pofuna kuchititsa manyazi zipatala. Dzuwa lisanapendeke lamulo linali litatuluka, ndipo galimoto ya chimkuzamawu inazungulira mzinda wonse.

"Tamverani, tamverani! Kuyambira lero kufikira Tsiku la Chithokozo litadutsa, kumwalira kwaimitsidwa m'dziko lonse la Ombammanja. Aliyense womwalira m'nyengo imeneyi atengedwa kuti ndi wotsutsa boma!"

Kumsika wa Pirirani anthu anaomba m'manja monga mwa chizolowezi, kenaka aliyense anabwerera pa malonda ake.

"Womwalirayo akamugwira amupatsa chilango chanji?" anafunsa mayi wina wogulitsa kaunjika. "Amunyonga?"

"Ine ndiye boma landilakwira," anatero Dyeratu, bambo wa pachiwaya, uku akutembenuza tchipisi. "Apongozi anga akhala akutsanzika chaka chonse chino. Tsopano ndikawauze kuti awawonjezera masiku?"

A Kamtedza anapita kukauza Chidiso nkhani yabwinoyo, kuti tsopano palibenso maliro oti achisokoneze. Chidiso chinamvetsera mwaulemu.

"Mwabisa maliro, bwana, koma simunabise zimene ndinaona," chinatero. "Kwa ine mfumu ndi malemu akadali chinthu chimodzi. Akadzandifunsa pa chikondwerero ndidzanena kuti wakhala pampandoyo ndi mmodzi mwa awiriwa, koma sindikudziwa uti. Ngati mukufuna ndiwalekanitse, ndipatseni kusiyana kwake."

A Kamtedza anayesa kuganiza, koma pa zaka zonse zotamanda anali asanaganizepo za mfumu, ankangoitamanda. Kufunsa nduna zinzawo kunali kudzipereka okha ku Sabwerako. Safunsa anadya phula, choncho anakankha wilibala kubwerera kumsika, kwa anthu amene nkhaniyo ankaidziwa kale. Anaima pa benchi la Nagama, mayi wogulitsa tomato, wodziwika mumsika monse kuti pakamwa pake palibe chitseko.

"Mayi, ndithandizeni," anatero motsitsa mawu. "Ndi zophunzitsira makinawa basi. Kodi inu mukaona, mfumu ndi munthu wakufa amasiyana pati?"

Nagama anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, napitiriza kupanga milu ya tomato.

"Funso limeneli ndi la boma kapena ndi lanu, bwana nduna?"

"Ndi langa, mayi. Ndagwira njakata."

"Chabwino, poti ndi lanu. Kusiyana kulipo. Wakufa timamuona nkhope."

Dyeratu anali atasiya chiwaya chake nkusendera pafupi. "Ndiponso pamaliro timadya nawo, bwana. Kwa mfumu timangomva fungo."

"Wakufa, angakhalitse bwanji m'tauni, pamapeto pake amabwera kumudzi," anawonjezera mayi wa kaunjika uja.

"Chinanso," anatero Nagama, "wakufa amatiliza kamodzi."

A Kamtedza anayang'ana kumanja ndi kumanzere kuopa apolisi, ngakhale kuti mkulu wa boma yekhayo pamalopo anali iwo omwe. Anagwada pa wilibala napempha Chidiso kuti chiiwale zonse zimene chamva.

"Kuiwala sindinaphunzire," chinatero Chidiso. "Koma musaope, zimenezi sizingandithandize pansanja. Sindingadikire kuti ndione ngati adzapite kumudzi. Ndikufuna choyeseka pompo, ndipo ndachipeza chimodzi. Mayi uja analirira a Jekapu, iwo sanayankhe chifukwa sakanatha. Anthu amaliriranso mfumu, iyo siyankha, koma sindikudziwa ngati ndi kusatha kapena kusafuna. Munthu wina akailirire ine ndikuona. Ikayankha ndi pakamwa pake, ndidziwa kuti ili moyo, ndipo ndiitchula kuti mfumu."

"Ndi pakamwa pake?" A Kamtedza anagwira mutu. "Chiyambire ufumu wa a Sindilakwa zimenezo sizinachitikepo!"

"Ndiye konzani neti ya udzudzu, bwana," anatero Dyeratu.

Nagama anapukuta manja pa chitenje. "Ngati ndi wolira mukufuna, ine ndilipo. Dandaulo ndili nalo lakalekale. Mfumu ikati idutse, apolisi amatithamangitsa mumsika muno mbandakucha, kutitsekera kunja mpaka madzulo. Wogulitsa ndowa savutika, ndowa siziola. Koma tomato sadziwa kuti mfumu ikudutsa. Ndataya madengu angati ine chifukwa cha ulemu? Kungoti mundiuze, bwana nduna: ndikakalankhula, ndikagona kwathu kapena kupolisi?"

"Kwanu, mayi, ndikulumbira. Ndipo dandaulo lanu ndidzaliimira ndekha."

"Tamvani anthuni, nduna yalumbira," anatero Nagama. "Lero kugwa mvula."

Tsiku la Chithokozo linafika, ndipo malinga ndi malipoti a boma panalibe amene anamwalira. Bwalo linadzaza. Alendo a m'mayiko ena anakhala mumthunzi akudzikupiza ndi mapepala a ndondomeko ya mwambo. Mfumu inanyamulidwa mpaka pansanja, maluwa anaunjikidwa, mbiri inawerengedwa. Kenaka a Kamtedza anakankha wilibala kufika nayo kutsogolo.

A Sikwese anakonza kummero. "Mdziwazonse wa Ufumu Wosatha, tauza dziko lonse: wakhala pampandoyu ndani?"

Diso lagalasi linayang'ana mfumu nthawi yaitali. Mfumu inali duu.

"Zizindikiro zonse ndaziona," chinatero Chidiso. "Chatsala chimodzi kuti nditsimikize. Munthu wina amulirire."

Alendo anagwedeza mitu mosangalala, poganiza kuti ndi mbali ya mwambo wamakolo. Pompo a Kamtedza anakodola Nagama. Mayiyo anatuluka m'khamu atavala chitenje chake cha kutchalitchi, anagwada, naomba m'manja mwaulemu.

"Mwini dziko, ine ndine Nagama wa ku Pirirani, ndimagulitsa tomato. Inu mukamadutsa ife timakondwa, koma msika amatitsekera tsiku lonse. Tomato amaola, ana amagona ndi njala. Tikupempha kuti muzidutsa ndithu, msewu ndi wanu, koma msika muzitisiyira."

A Sikwese anaweramitsa khutu kumpando, nadzuka msangamsanga. "Mwini dziko wamva ndi chisoni chachikulu, ndipo akuti akhazikitsa komiti yoti ifufuze chimene chimaoletsa tomato."

"Woimira banja walankhula," chinatero Chidiso. "Ndikudikira mwini wake."

Alendo sanamve kanthu pamenepo, koma amayi a ku Pirirani anagwira pakamwa ndi nsonga za zitenje. Mzinda wonse unkadziwa kumene Chidiso chinaphunzira mawu amenewo.

"Mfumu siyankha yokha!" anakalipa a Sikwese.

"Ndiye yankho langa likhala lovuta kulimva," chinatero Chidiso. "Ndinene?"

A Kamtedza anatsinzina. Anadziona ali pabwato lopita ku Sabwerako, masutikesi ali pamiyendo, bango kumanja, bango kumanzere. Anamvera chisoni khungu lawo losalala, ndipo kunena zoona chinali chisoni chenicheni, choyamba pa moyo wawo wa unduna.

Ali chitsinzinire anamva khamu likuti "Aaa!" Atatsegula maso anaona zimene agogo awo sanaonepo. Dzanja la mfumu linali kuyenda. Linakwera pang'onopang'ono, linavula magalasi akuda, ndipo kunaoneka timaso tating'ono tophethiraphethira chifukwa cha dzuwa. Mfumu inayang'ana Nagama. Sinaoneke yokwiya, inkaoneka ngati munthu amene wamva chinenero chachilendo. Milomo inagwedezeka, panatuluka kamawu kakang'ono, kosasa ngati chitseko chosatsegulidwatsegulidwa.

"Msika," inatero mfumu, "ndi chiyani?"

Nduna zinayamba kuomba m'manja, kenaka zinasiya pakati, posadziwa ngati funso limaomberedwa.

"Wafunsa!" chinafuula Chidiso. "Akufa safunsa. Uyu ndi Mfumu Sindilakwa Wachitatu, ndipo ali moyo!"

Nthungululu inasweka bwalo lonse. Ng'oma zinalira, alendo anaimirira, ndipo mmodzi mwa iwo anamveka akuuza mnzake kuti sanaonepo mwambo wozama chonchi. A Kamtedza anakumbatira wilibala misozi ili chuchuchu. Anthu a ku Pirirani anavina moona mtima, chifukwa kwa ambiri a iwo nkhani yoti mfumu ili moyo inali yatsopano.

Phokoso litatsika, Nagama, akadali chigwadire, anayankha funsolo. "Msika saufotokoza, mwini dziko. Bwerani mudzauone nokha."

Mfumu inali italawa kukoma kwa kulankhula, ndipo inafuna kuwonjezera. "Mawa," inatero. "Anditengere Kamtedza. Amadziwa kuphunzitsa ndi zitsanzo."

A Sikwese, amene ntchito yawo inali itayamba kugwedezeka, anasendera kwa a Kamtedza nkuwanong'oneza kuti mwini dziko akakakhumudwa ndi zimene akaone, mpando wa ku Sabwerako ukadali wopanda munthu.

Masana omwewo a Kamtedza anayenda mumsika wa Pirirani, kuuyang'ana ndi maso a munthu amene sanauonepo. Anaona matope ofika m'kakolo ndi ngalande yotsekeka yonunkha. Anaona shedi imene denga lake linapita ndi mphepo m'nthawi ya Sindilakwa Wachiwiri. Anamva phokoso, kutsutsana mitengo, kutukwanizana kwachikondi. Pachiwaya cha Dyeratu anapeza tchipisi chikukulungidwa m'mapepala okhala ndi nkhope ya mfumu, mafuta atalowerera pamphuno. Nagama anawapatsa moni wansangala, nkuwaninkha tomato wamkulu waulere, ati wothokoza. Anaulandira ndi manja awiri. Ankamukonda mayiyo, ndipo lumbiro lawo ankalikumbukira bwino lomwe. Koma pamene ankatuluka pachipata, kaudzudzu kamodzi ka m'ngalande muja kanawatera pakhosi nkuwaluma.

Kutacha apolisi anafika ku Pirirani tambala asanatsike. Ogulitsa onse anatulutsidwa ndi katundu wawo nkuimikidwa kuseri kwa chingwe, kutsidya kwa msewu. Matope anathiridwa mchenga, ngalande inavundikiridwa ndi matabwa, miyala inapakidwa laimu, mabenchi anatsukidwa nkuikidwa pamzere wowongoka. Pofika nthawi imene mdipiti wa galimoto unkalowa, mumsika munalibe ngakhale ntchentche.

Mfumu inanyamulidwa kuzungulira malo onse, magalasi ali m'manja, ikuyang'anitsitsa ngati mwana wasukulu wofuna kukhoza. Inaona mabenchi opanda kanthu. Inaona mchenga wosesedwa ndi apolisi oima chilili. A Kamtedza ankatsatira pambuyo ndi wilibala, ndipo pa benchi lililonse ankawerama nkunena kuti, "Umenewu ndiye msika, mwini dziko."

"Oho," inatero mfumu pamapeto, nkhope ikuwala. "Tsopano ndadziwa. Msika ndi malo abata, osesedwa bwino, kumene apolisi amapumulirako. Nanga mayi uja amalira chiyani?"

Diso lagalasi linazungulira pa wilibala. "Pepani, chitsanzo ichi ndi cho..."

A Kamtedza anavula jekete nkuvundikira Chidiso, kenaka anapisa dzanja kunsi nkuzula batire. Atatero anayamba kuomba m'manja, ndipo nduna zonse zinatsatira. Ankaomba mwamphamvu, maso ali kumchenga, osayerekeza kuyang'ana kutsidya kwa msewu. Chaka chimenecho Sabwerako sanalandire kazembe.

Kuseri kwa chingwe Nagama anatula dengu pansi. Dzuwa linali litakwera, ndipo tomato wapansi anali atayamba kale kuchucha madzi.

"Mfumu yathu ndi yanzeru, a Dyeratu," anatero. "Makina aja anavutika miyezi. Iyo chitsanzo chimodzi chokha, yadziwa kale zonse."